Muyeso Wogulira ndi Muyeso Wogulitsira

Pa mseu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Ntcheu, munthu akafika m'mapiri a Dedza amaona ndowa za mbatata ya kachewere zitandandalikidwa m'mphepete mwa mseu, makamaka pa mphambano ya Bembeke ndi pa Lizulu, m'malire a Dedza ndi Ntcheu. Alimi a m'mapiriŵa ali ndi dandaulo lakalekale. Amati wamalonda akabwera kumunda kudzapikula amatenga ndowa yake yaikulu, nafuna kuti idzaze mpaka mbatata zina zizigubuduka pansi. Koma yemweyo akakhala pamsika, ndowa yogulitsira imakhala ina, yoponderezedwa kunsi ndi mwala. Munthuyo sungamgwire msanga, pakuti zonse ziŵiri ndi ndowa. Chimene mlimi amakana n'chakuti munthu mmodzi akhale ndi muyeso wogulira ndi muyeso wina wogulitsira.

Dandaulo lomwelo ndilo lili pakamwa pa anthu masiku ano akamakamba za ndale, kungoti bwalo lokambirapo lasintha. Kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti boma la Dedza lili ndi anthu oposa 830,000, ndipo adaonetsanso kuti m'dziko lonse la Malaŵi mabanja oposa theka adali ndi lamya ya m'manja, pamene wailesi idapezeka m'banja limodzi mwa mabanja atatu alionse. Wailesi imalankhula, omvera n'kumamvetsera. Lamya imalola womvera kuyankha pomwepo. Tsono mwa amene ali ndi lamya yoloŵa pa intaneti, ambiri ali m'magulu a pa WhatsApp: gulu la mudzi, gulu la mpingo, gulu la amene adaphunzira ku Dedza Secondary School, gulu la ana a kwa Kaphuka kapena kwa Kachere amene ali ku Johannesburg. Magulu ameneŵa sadayambitsidwe chifukwa cha ndale. Adayambira pa zovuta: kulengeza maliro, kusonkha ndalama zobweretsera thupi kuchokera ku Joni, kudziŵitsana mtengo wa feteleza, kufunsana ngati mvula yagwa ku Lobi. Koma pamene pasonkhana anthu ndale sizichedwa kufika, ndipo zikafika funso limakhala limodzi lomwelo: "Nanga inu simunkachita zomwezi?"

Kuti munthu amvetse kulemera kwa funso limeneli ayenera kukumbukira kuti padali nthaŵi imene silinkafunsidwa konse. M'zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi munthu ankayang'ana kumbuyo asanatchule dzina la nduna. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idaŵerengedwa m'matchalitchi a dziko lonse, kuphatikizapo a dayosizi ya Dedza, ndipo boma lidati kalatayo ndi youkira, kotero kuti kupezeka nayo udali mlandu. Komabe idafalikira, chifukwa makina ochulukitsira mapepala ndi makina a fakisi adali atafika m'maofesi, ndipo apolisi sakadatha kulondola pepala lililonse. Zipangizo zatsopano zidayamba kale kuloŵerera ndale za dziko lino, Facebook isanabadwe. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse adasankha nyali ya zipani zambiri, koma Chigawo cha Pakati, m'mene muli Dedza, ambiri adatsalira kwa tambala wakuda. Mfundo imeneyi njofunika, pakuti ikuonetsa kuti munthu wa ku Dedza akamatsutsana ndi mnzake wa ku Thyolo kapena wa ku Machinga pa lamya, nthaŵi zambiri aliyense amakhala akuteteza nyumba imene makolo ake adaloŵamo kale.

Chimene lamya yabweretsa chachilendo ndi chikumbumtima chosafufutika. Kale wandale ankalankhula pa msonkhano, mau n'kupita ndi mphepo, ndipo chaka chamaŵa akanena zina, wokumbukira ankangotsutsidwa kuti adamva molakwa. Lero mnyamata wogulitsa mayunitsi pa Dedza boma amasunga kanema wa zaka zisanu zapitazo, nadikira tsiku lake. Akuluakulu adanena kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlomo wa masiku ano umatsata mwini wake uli ndi tsiku ndi ola.

Nkhani imene imabwerezedwa kaŵirikaŵiri m'makangano ameneŵa ndi ya Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, limene limati phungu wosankhidwa pa tikiti ya chipani china akachoka n'kuloŵa chipani china cha m'Nyumba ya Malamulo, Sipikala alengeze kuti mpando wake uli wopanda munthu. Mu Febuluwale 2005 Bingu wa Mutharika adachoka m'chipani cha UDF chimene chidamuika pa mpando, nayambitsa DPP, ndipo aphungu makumi angapo adamtsatira. Otsutsa adati onsewo achoke. Mmodzi mwa amene adaima nganganga pa mfundoyi adali John Tembo, mwana wa ku Dedza, phungu wa kummwera kwa bomali kwa zaka zambiri, amene pa nthaŵiyo adali mtsogoleri wa MCP. Mu Juni 2007 khoti lalikulu la Supreme lidagamula kuti gawolo ndi loyenera, ndipo otsutsa adakana kukambirana ndondomeko ya chuma mpaka Sipikala atagwiritsa ntchito lamuloli. Bajeti ya chaka chimenecho idachedwa mpaka mu Seputembala. A DPP ankati otsutsawo ndi anthu opanda chifundo, ofuna kuti zipatala zisoŵe mankhwala chifukwa cha mipando.

Padangopita zaka zisanu. Bingu adamwalira mu Epulo 2012, Joyce Banda nakhala mtsogoleri wa dziko, ndipo aphungu ambiri a DPP adathamangira ku chipani chake cha PP maliro asanaiŵalike n'komwe. Apo ndi pamene DPP idakumbukira kuti m'malamulo muli Gawo 65, nikadandaula kwa Sipikala kuti othaŵawo achotsedwe. Nayo MCP italoŵa m'boma mu 2020 sidatseke khomo kwa obwera kuchokera mbali ina. Zilembo za lamulolo sizidasinthe m'zaka zonsezi. Chimene chinkasintha ndi mbali ya Nyumba imene wolankhulayo wakhala. Ndipo pali chinthu china chimene otsutsana pa lamya satchula kaŵirikaŵiri. Malamulo a mu 1994 adali ndi Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthaŵi yake isanathe. Aphungu adalichotsa mu 1995, ndipo kuyambira pamenepo zipani zasinthana mipando kangapo popanda ngakhale chimodzi cholibwezeretsa. Pa nkhani yokhayi ndowa ya onse ndi imodzi.

Ya maudindo nayo ili chimodzimodzi. Kuyambira mu 2014 mpaka 2020 otsutsa ankati boma la Peter Mutharika likupereka mipando yonona kwa anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, ndipo m'magulu a anthu a Chigawo cha Pakati munkayenda mindandanda ya maina pofuna kutsimikiza tsankholo. Khoti litafafaniza chisankho cha mu Meyi 2019 pa 3 Febuluwale 2020, ndipo Lazarus Chakwera atapambana chisankho chobwereza cha pa 23 Juni, anthu adayembekeza muyeso watsopano. Nduna zoyamba zitalengezedwa mu Julaye, mudapezeka mwamuna ndi mkazi wake, mlongo ndi mlongo wake, ndiponso anthu ochuluka a Chigawo cha Pakati. Ena mwa amene adavotera boma latsopanolo adadzudzula poyera, ndipo ayenera kuyamikidwa. Koma ambiri amene ankatumiza mindandanda ija adangoti zii, kapena adayankha kuti aŵa ndi oyenera ntchito, kuiŵala kuti yankho lomwelo ndilo ankaliseka dzana. Mindandanda idapitiriza kuyenda, kungoti tsopano inkachokera kummwera. Anyani amasekana zikundu.

Pamenepa mpofunika kunena mosabisa kuti muyeso uŵiri si matenda a atsogoleri okha. Mlimi amene amadandaula za ndowa ya wamalonda amadziŵanso kuika mbatata zazikulu pamwamba, zing'onozing'ono pansi. Wovota amene amati phungu wa chipani china ndi wakuba chifukwa wagaŵa ndalama pa msonkhano, phungu wa kwawo akagaŵa amati ndi munthu wa anthu. Atsogoleri amaphunzira msanga kuti kwawo adzakhululukidwa chilichonse, ndipo kwa eni ake sadzayamikidwa pa chilichonse. Tsono achitirenji khama kusunga mau awo?

Mbali yoŵaŵa kwambiri ndi ya amene amamangidwa chifukwa cha zolemba pa lamya. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Gawo 87 la lamuloli limaletsa kutumiza mau osokoneza mtendere wa munthu wina popanda chifukwa chenicheni, ndipo chilango chake ndi K1 miliyoni ndi chaka chimodzi m'ndende. Cholinga chake n'chomveka, pakuti alipo amayi ndi atsikana amene adachititsidwa manyazi pa intaneti ndipo ayenera kutetezedwa. Koma milandu imene idamveka kwambiri sidali ya amayi otere. Mu Epulo 2019, DPP ikulamulira, mwamuna wina adamangidwa chifukwa cha zimene adalemba pa Facebook zoseka mkazi wa mtsogoleri wa dziko, ndipo otsutsa a nthaŵiyo adati ufulu wolankhula waponderezedwa. Mu Meyi 2022, MCP ikulamulira, namwino wina wa ku Ntcheu adamangidwa chifukwa cha mau onyoza mtsogoleri wa dziko m'gulu la pa WhatsApp. Mu 2024 mwamuna wina wa ku Mponela m'boma la Dowa adapezeka wolakwa pa mlandu wofanana nawo. Amene adalira mu 2019 ambiri adati omangidwa a mu 2022 adasoŵa mwambo, ndipo amene adaombera m'manja mu 2019 ndiwo adasanduka oteteza ufulu.

Milandu imeneyi ili ndi phunziro lina kwa anthu a m'magulu. Apolisi saloŵa okha m'gulu la mudzi. Kaŵirikaŵiri amakhala mnzako wa m'gulu momwemo amene wajambula zimene walemba n'kuzipereka kwina. Ndipo popeza kuyambira mu 2018 nambala iliyonse ya lamya imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, monga lidalamulira bungwe la MACRA, wobisala kuseri kwa dzina lopeka sabisala kwenikweni kwa boma. Amabisala kwa anansi ake okha.

Zinthu zina zasintha ndithu. Mu Novembala 2022 aphungu adachotsa m'malamulo mlandu wa mau oukira boma, womwe uja udaopseza oŵerenga kalata ya mu 1992. Mu Julaye 2025 khoti loona za malamulo aakulu lidagamula kuti Gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkachititsa kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wopita nawo kundende, likutsutsana ndi ufulu wolankhula. Koma chigamulocho sichidakhudze Gawo 87.

Akuluakulu ambiri a m'midzi ya Dedza amati lamya yaononga mwambo, ndipo mau awo sayenera kutayidwa msanga. Pa bwalo la mfumu mlandu uli ndi njira yake. Wodandaula amalankhula mpaka atatha, woyankha nayenso amapatsidwa mpata wake, ankhoswa amakhalapo, mboni zimafunsidwa, nduna za mfumu zimakambirana, ndipo pomaliza pamakhala chigamulo. Chachikulu n'chakuti anthu aŵiriwo maŵa adzakumana pa mjigo ndi pa maliro, motero aliyense amayeza mau ake. M'gulu la pa lamya onse amalankhula nthaŵi imodzi, mboni ndi chithunzi chimene palibe akudziŵa kumene chachokera, ndipo mlandu sutha. Umangogona, n'kudzuka sabata yamaŵa. Woyang'anira gulu ali ndi chida chimodzi chokha, ndicho kutulutsa munthu, ndipo nayenso amanenedwa kuti amatulutsa a chipani chimodzi okhaokha. Mphekesera nazo zapeza miyendo. Za anamapopa zidamvekapo mu 2002 lamya zisanafale, koma zitabukanso mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe zidayenda mofulumira, ndipo anthu osalakwa adaphedwa.

Koma nalo bwalo lakale lisayeretsedwe kopitirira. Mwambi wakuti galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu sudapekedwe pa Facebook. Udachokera kwa anthu amene adaona kukondera pa bwalo pomwepo. Mkamwini pa mudzi wa mkazi wake sankakweza mau, mtsikana sankatsutsa malume ake, ndipo mnyamata wofunsa za ndalama za chitukuko ankauzidwa kuti alibe ulemu. Ambiri mwa otereŵa apeza pakamwa chifukwa cha lamya. Funso lakuti makuponi a feteleza agaŵidwa bwanji, limene kale linkanong'onedwa kuseri kwa nkhokwe, lero limafunsidwa pamaso pa anthu mazana aŵiri, khansala ali momwemo. Amene amalira kuti ulemu watha aziyamba wadzifunsa ngati sakulira chifukwa chakuti tsopano akufunsidwa.

Mapiri a Dedza ali ndi chitsanzo chakale cha kudzudzula kopanda dzina. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndi wa kuno kwenikweni, monganso zojambula za pa miyala za ku Chongoni zimene zidaloŵa m'kaundula wa bungwe lomwelo mu 2006. Ku Mua, kunsi kwa mapiri, malo a Kungoni amene adayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976 amasunga nkhope za zilombo mazanamazana. Za kudambwe sizinenedwa pa wailesi, koma zimene aliyense amaona pa bwalo zikhoza kukambidwa. Zilombo zimaseka waulesi, wachigololo, woledzera, wodzikuza. Zidaseka mzungu wofiira ndi dzuŵa kudzera mwa Simoni, ndipo sizidaope amishoni kapena atsamunda. Chilombo sichifunsidwa dzina. Wina akhoza kunena kuti wolemba pa Facebook ndi dzina lopeka akuchita zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti chilombo sichituluka chokha. Pali mwini mzinda amene amaloleza, pali akuluakulu a kudambwe amene amayankha chikalakwa, pali nthaŵi yake yotulukira ndi yobwerera, ndipo chimadzudzula khalidwe limene mudzi wonse udagwirizana kale kuti ndi loipa, posayang'ana kuti wolakwayo ndi mbale wa yani. Dzina lopeka la pa intaneti lilibe mzinda. Limatuluka usiku uliwonse, ndipo kaŵirikaŵiri limaluma mbali imodzi yokha. Ngakhale gule amene, akatengeredwa ku misonkhano ya chipani monga zakhala zikuchitikira kuyambira nthaŵi ya Kamuzu, amasanduka wosangalatsa alendo, mano ake atatsala kumudzi.

M'boma lomweli mudakhala mfumu imene idaonetsa kuti muyeso umodzi ndi wotheka. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Mtakataka, imene idagwira ntchito ya ulembi ku Zomba zaka 27 isanaitanidwe kudzaloŵa ufumu mu 2003, idapeza atsikana a zaka 12 ali ndi ana kumbuyo. Idagwirizana ndi mafumu ake aang'ono kuti maukwati a ana athe, ndipo pofika mu 2016 idali itathetsa maukwati oposa 850 n'kubwezera anawo kusukulu. Chimene chidapatsa mphamvu mau ake sichidali ukali wokha. Mafumu ake omwe atapezeka akuloleza maukwati otere, idaŵaimitsa pa udindo, ndipo idaŵabwezera pokhapokha ataŵathetsa. Lamulo lidayambira m'nyumba. Idalinso ndi amayi ndi abambo achinsinsi m'midzi, amene ankaitsina khutu mwana akachotsedwa pa sukulu. Ameneŵa maina awo sankadziŵika kwa anthu, koma ankadziŵika kwa mfumu, ndipo zimene anena zinkafufuzidwa munthu asanaŵeruzidwe. Dziko lidatsatira pambuyo: lamulo la maukwati la mu 2015 lidaika zaka 18, ndipo malamulo aakulu adakonzedwa mu 2017 kuti agwirizane nalo. Mfumuyi idamwalira mu Ogasiti 2025.

Mwezi wotsatira, pa 16 Seputembala 2025, Amalaŵi adavotanso. Peter Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi 57 mwa 100 alionse, Lazarus Chakwera adavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe, ndipo mtsogoleri watsopano adalumbira pa 4 Okutobala. M'magulu a anthu a ku Dedza mipando yasinthanso. Amene kwa zaka zisanu ankati boma lipatsidwe nthaŵi, kukwera kwa mitengo n'kwa dziko lonse lapansi, tsopano ndiwo akuŵerenga masiku ndi kufunsa mtengo wa thumba la feteleza. Amene ankajambula mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta ndiwo akupempha kuleza mtima. Mauthenga akale sadafufutidwe. Ali m'lamya za onse, a mbali iyi ndi a mbali iyo, ndipo madzulo alionse, anthu akaŵeruka kumunda, wina amafukula umodzi n'kuutumiza m'gulu, pansi pake atalemba tsiku limene udalembedwa ndi dzina la mwini wake.